Mota ili panja, inu muli m'kalasi

Ndili ku koleji ya aphunzitsi ndinali ndi mota yofiira. Ndinaigula ndi ndalama za nandolo wa zaka ziwiri. Tsiku lina la mayeso ndinaiimika kuseri kwa kalasi, pansi pa mtengo wa mango, kuti isapse ndi dzuwa. Ndinakhoma ciwongolero, kiyi n'kuika m'thumba. Potuluka ndinapeza mthunzi wokhawokha. Pa dothi panali mapazi a anthu awiri. Sanailize n'komwe, anangoinyamula.

Kupolisi anandifunsa nambala ya chassis. Sindinaidziwe. Livrete inali pansi pa mpando wa mota yomweyo. Mpaka lero sindinaione.

Wophunzira amabedwa mosavuta cifukwa nthawi yake imadziwika. Wakuba amaona kuti mumafika 14 koloko ndipo simutuluka mpaka 16 koloko. Amaonanso kuti malo anu oimika ndi amodzimodzi tsiku lililonse. Ali ndi maola awiri, pamene iye akufuna mphindi zocepa cabe.

Kuno ku Milange pali cinanso. Malire ali pamphuno. Kucoka m'tauni kukafika pa cipata ca Melosa, cimene tsidya la Malawi amati Muloza, ndi kamtunda kocepa. Njira zam'mbali zosadutsa pa cipata ziliponso, tonse tikuzidziwa. Kumbali inayi, msewu wa phula wa N11 umapita ku Mocuba. Mota yobedwa masana ikhoza kugona m'dziko lina, kapena kuphwasulidwa usiku womwewo, zitsulo zake n'kumwazikana m'misika.

Ndiye poimika musayang'ane mthunzi monga ndinacitira ine. Yang'anani maso a anthu. Imikani pamene mlonda akuona, kapena pa windo la kalasi yanu. Mlondayo mum'patse moni, akudziweni nkhope, kuti munthu wina akagwira mota yanu adabwe.

Loko wa ciwongolero musamudalire, amathyoka akangom'potokola mwamphamvu. Gulani unyolo wonenepa ndi loko wolimba. Unyolowo udutse pa tayala lakumbuyo ndi pa citsulo ca thupi la mota, kenako uzungulire mzati kapena mtengo. Usagone pansi ayi. Ukagona pansi, wakuba amaika mwala kunsi n'kumenya ndi hamala. Ena amatsekanso mpopi wa petulo ndi kucotsa kapu ya vela. Izi zimacedwetsa wofuna kuiliza, koma wonyamula sizimuletsa. Njinga yakapalasa nayonso cimodzimodzi: kaloko ka pa tayala lakumbuyo kamaletsa kupalasa basi. Munthu amangoiika paphewa.

Amene muli ndi galimoto, kapena mumabwereka ya acibale popita kukaphunzira ku Mocuba kapena ku Quelimane, mvetserani apa. Kawirikawiri cimene cimayamba kupita si galimoto yonse. Ndi batire, magalasi a m'mbali, wailesi, tayala lapadera, cikwama cimene mwasiya pa mpando. Wakuba sadziwa kuti m'cikwamamo muli makope okha. Amaswa galasi kaye, kuona pambuyo. Tsono pa mpando pasakhale kanthu. Kwezani magalasi onse, ndipo mukakhoma kokani citseko ndi dzanja kuti mutsimikize. Citsulo cokhomera ciwongolero n'cabwino cifukwa cimaonekera patali, wakuba amaona kuti apa pali nchito. Makanika wodalirika akhozanso kukuikirani kaswici kobisika kodula moto wopita ku pampu ya mafuta. Koma za kaswiciko musalengeze pa bawo.

Za kiyi ndinene mosabisa. Mnzanu wa m'kalasi akati, "Acimwene, ndibwerekeni mota ndikafike pamsika pompa," mtima umavuta kukana. Koma kusula kiyi wina sikutenga nthawi. Ine masiku ano ndimati, "Kwerani ndikuperekezeni." Wina amakwiya, inde.

Tsopano nchito ya colembera, imene kale munkadalira ena. Lero lomwe, tengani kope. Lembani nambala ya matirikula. Lembani nambala ya chassis, imene pa mota zambiri anaidinda pa khosi, pansi pa ciwongolero. Pa galimoto zambiri imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ngakhale zina zocokera ku Japan zili ndi yaifupi. Lembaninso nambala ya injini. Kopani pang'onopang'ono, cimodzicimodzi, kenako wina awerenge mokweza inu mukuyang'ana pa citsulo. Samalani 5 ndi S, komanso 8 ndi B, zimanamiza maso. Livrete ndi pepala la umwini muziyenda nazo m'thumba lanu, fotokopi ikhale kunyumba. Muli ndi foni yojambula? Jambulani mota mbali zonse, ndi pamene inakalika pomwe.

Ikabedwa, musayambe mwazungulira midzi masiku atatu. Pitani ku polisi ya PRM nthawi yomweyo ndi kope lija, ndipo uzani anyamata a taxi-mota, iwo amaona zambiri pamsewu. Apolisi a maiko a kum'mwera kwa Africa ali ndi bungwe lawo, SARPCCO, limene linayamba mu 1995, ndipo Mozambique ndi Malawi onse alimo. Amathandizana pa nkhani ya galimoto zobedwa zodutsa malire. Koma amafufuza ndi nambala. "Yofiira, ya mpando wong'ambika" ziliko zambirimbiri.

Nambala yomweyo ikutetezani pogula. Wina akabwera ndi mota yochipa modabwitsa, n'kumati mapepala abweretsa mawa, ndalama zanu zikhale m'thumba. Akaonetsa livrete, yerekezani nambala ya pa pepala ndi ya pa citsulo. Ngati pa citsulopo pakuoneka popalapala kapena penti watsopano, isiyeni. Kugula katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo apolisi akaipeza amailanda, ndalama zanu osabwerera.

M'kalasi ina imene ndimayendera, ophunzira anagwirizana zoimika njinga zonse pamodzi, n'kudutsitsa unyolo umodzi wautali. Kiyi amasunga mphunzitsi. Vuto lake n'lakuti wofuna kuthawa masamu asanathe amayenera kupempha kiyi pamaso pa onse.