Kusaka makolo akalekale ku England: yambani ndi mudzi, dzina pambuyo

Anthu ambiri ku England ali kalikiliki kufufuza mizu ya mabanja awo, koma akafika chaka cha 1538 njira imathera pomwepo. M'chaka chimenechi ndi momwe Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, adalamula matchalitchi kuti azilemba maina a obatizidwa, okwatirana ndi oikidwa m'manda. Kumbuyo kwake kulibe kaundula wotere.

Nanga wofufuza atani? Ayambe wadziwa mudzi womwe makolowo ankakhala. Mabuku a Victoria County History, omwe ntchito yake idayamba mu 1899, amalongosola mbiri ya midzi yambiri umodziumodzi: mwini malo adali yani, ndipo adasiyira yani. Ambiri mwa mabukuwa mutha kuwawerenga ulere pa intaneti, pa British History Online.

Mabukuwa amakulozeraninso ku zikalata zenizenizo, monga Domesday Book ya 1086 yomwe ikusungidwa ku National Archives ku Kew, ndi maina a okhoma msonkho mu 1379 ndi 1381. Koma mgodi weniweni ndi zolemba za mabwalo a milandu a eni malo. Mmenemo mumapezeka ngakhale mlimi wamba, atalipitsidwa chindapusa poti ng'ombe yake yadya mmera wa eni.

Ntchitoyi njosafuna phuma. Zambiri zidalembedwa m'Chilatini, komanso chisanafike chaka cha 1300 alimi ambiri adalibe dzina la banja lokhazikika.

Tsono wina akamadzitama kuti makolo ake adabwera ndi William the Conqueror mu 1066, osangoti eee. Mufunseni buku lake ndi tsamba lake.