Mwera ukamawomba, gofu safuna mphamvu

Anthu a kuno ku Liwonde akamva kuti ndimaphunzitsa gofu, ambiri amaganiza kuti ntchito yanga ndi kuphunzitsa anthu kumenya mpira mwamphamvu kuti upite kutali. Ayi ndithu. Nthawi yambiri ndimakhala ndikuwaletsa zimenezo, makamaka tikapita ku bwalo la Mlambe la maenje 9 ku Makokola, m'boma la Mangochi, miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mwera wakwiya panyanja.

Masewerawa anabadwira mu mphepo. Mabwalo akale a ku Scotland, amene amawatcha links, ali m'mphepete mwa nyanja yamchere, pa nthaka yamchenga yosowa mitengo yotchinga. Ku St Andrews n'kumene anakhazikitsa maenje 18 mu 1764, ndipo mpikisano wa The Open, womwe unayamba mu 1860 ku Prestwick, umachitikira pa mabwalo oterowo mpaka lero. Ife nyanja yamchere tilibe, koma mwera ukakumana ndi nthaka youma ya m'chilimwe, mayeso ake ndi omwewo.

Chimene chimapweteka osewera ambiri ndi ichi. Mpira wa gofu ukamenyedwa umauluka ukuzungulira chammbuyo, ndipo kuzungulirako n'kumene kumaukweza m'mwamba. Mukaumenya mwaukali, umazungulira kwambiri. Tsono mphepo ikakhala pamaso panu, mpirawo umangokwera, kuima m'malere, n'kugwa usanafike. Munthu amapsa mtima, pa dzenje lotsatira amawonjezera mphamvu, ndipo zinthu zimangoipiraipira. Ndimamva chisoni kuona wosewera wabwino akudziwonongera tsiku motere, poti mankhwala ake ndi apafupi. Pamene mukadatenga ndodo ya ayironi 7, tengani 6 kapena 5. Igwireni cham'munsi pang'ono, mpira ukhale chapakati pa miyendo kapena kumbuyo pang'ono, ndipo menyani modekha osamaliza kukweza manja. Mpira umachoka chapansi n'kuboola mphepo.

Mphepo yochokera kumbuyo imanyenga. Imawonjezera mtunda, inde, koma pang'ono poyerekeza ndi umene yapamaso imalanda, ndipo mpira sumaima ukagwa. Ugwetseni usanafike pa gilini, malo osalala ozungulira dzenje, ugubuduke wokha.

Ya m'mbali ndiyo ndimakonda kuphunzitsa ana a kuno, chifukwa amaimva msanga. Wopalasa bwato akamawoloka Shire salunjika pa doko limene akufuna. Amaloza kumtunda, madzi n'kumutsitsira pamalo pake. Pa gofu n'chimodzimodzi: mphepo ikamachokera kumanzere, lozani kumanzere, mulole ikubweretsereni mpira. Kulimbana nayo n'kwa akatswiri, ndipo nawonso amaluza kawirikawiri.

Musanamenye, dzenje muliwerenge kuyambira kumapeto. Kodi mbendera ili pati? Mchenga ndi madzi zili mbali iti? Ndikaphonya, ndi kuti kumene ndingaphonyere osalipira zambiri? Mukayankha zimenezo mpamene mumasankha ndodo yoyambira, ndipo kawirikawiri si driver, ndodo yaitali kwambiri. Pa mpikisano wa The Open wa mu 2006 ku Hoylake, bwalo litauma gwa, Tiger Woods anagwiritsa ntchito driver kamodzi kokha pa masiku anayi onse. Ankamenya ndi ayironi n'kugwetsa mpira usanafike pa maenje a mchenga, ndipo chikho anatenga. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, koma salamula kuti yaitali kwambiri ituluke pa dzenje lililonse.

Nanga mphepoyo mumaidziwa bwanji? Malamulo amaletsa kuyeza liwiro lake ndi chipangizo mpikisano uli mkati, koma kuthothola udzu n'kuuponya m'mwamba n'kololedwa. Udzuwo umangokuuzani za pamene mwaimapo. Yang'ananinso nsonga za mitengo ndi mbendera ya kutsogolo, pakuti mpira umadutsa kumtunda kumene mphepo ili ndi mphamvu. Ndipo mufunseni caddie wanu. Anyamata onyamula zikwama aja amayenda pabwalo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amadziwa mphepo ya pamalopo kuposa amene akuwanyamulira.

Mphepo ikakula, musadzione olephera mukamaliza dzenje mutapitirira kamodzi pa chiwerengero chake, chifukwa anzanu onse akuvutika nayo. Amene mumasewera ku Zomba Gymkhana Club kapena ku Lilongwe Golf Club, mwera ukayamba chaka chino musasunge ndodo m'nyumba. Pitani ku nyanja, ndipo pa dzenje lililonse loyang'ana kummwera mutenge ndodo yoposa imene munazolowera.