Kachilembo ka D pa Ndalama za Golide za ku Dahlonega

Tiyerekeze kuti pa tebulo pali ndalama ziwiri za golide za dziko la America, zonse za madola asanu, zonse za chaka cha 1847. Iliyonse ikulemera magalamu 8.36. Kumaso kwake kuli mutu wa mayi, kumbuyo kuli chiwombankhanga chotambasula mapiko. Wosula mphete atati azisungunule angapeze golide wofanana ndendende. Koma mukapita nazo kwa anthu amene amasonkhanitsa ndalama zakale, imodzi adzaigula pa mtengo wamba, pamene inzakeyo adzailipira kangapo kuposa pamenepo. Kodi kusiyana kwake kuli pati? Tembenuzani yachiwiriyo, ndipo muyang'ane kunsi kwa chiwombankhanga. Mupezapo kachilembo kakang'ono ngati kambewu ka mawere, ka D.

Kachilemboka kamanena kumene ndalamayo inasulidwira. Nyumba yaikulu yosulira ndalama m'dziko la America inakhazikitsidwa mu mzinda wa Philadelphia m'chaka cha 1792, ndipo masiku amenewo sinkaika chilembo chilichonse pa ndalama zake. Nthambi zake ndiye zinkaika. D ankaimira Dahlonega, katawuni kakang'ono ka m'mapiri kumpoto kwa chigawo cha Georgia. M'chaka cha 1847 Philadelphia inasula ndalama za madola asanu zopitirira 900,000, pamene Dahlonega inangosula pafupifupi 64,000. Apa pokha mwaona kale chifukwa choyamba chimene mitengo ikusiyanira.

Nanga boma linkafunanji kukamanga nthambi kumudzi ngati kumeneko? Cha m'ma 1828 kunapezeka golide m'mitsinje ya kumpoto kwa Georgia, ndipo pofika chaka chotsatira anthu zikwizikwi anali atakhamukirako ndi makasu ndi mbale zosefera mchenga. Vuto linali loti fumbi la golide si ndalama. Munthu akafuna kugula ufa kapena mchere, wasitolo ndiye ankayeza fumbilo ndi kunena mtengo wake, ndipo inu mukudziwa amene amapindula sikelo ikakhala m'manja mwa wogula. Kupita nalo ku Philadelphia unali ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 m'misewu yoipa, achifwamba ali m'njira. Anthu ena, monga Templeton Reid ku Georgia m'chaka cha 1830 ndi banja la Bechtler ku North Carolina kuyambira 1831, anayamba kusula ndalama zawozawo. Pamapeto pake, pa 3 Malichi 1835, nyumba ya malamulo inavomereza kuti kumangidwe nthambi zitatu: ku New Orleans ya chilembo cha O, ku Charlotte ya chilembo cha C, ndi ku Dahlonega. Ziwiri zomalizazi zinali zosula golide yekhayekha, siliva ayi, mkuwanso ayi.

Tsono apa tiyambe taima, chifukwa nthaka imene munali golideyo inali ndi eni ake. Anali anthu a mtundu wa Cherokee, amene anakhala m'mapiri amenewa azungu asanafike. Sikuti anali anthu osadziwa kanthu ayi. Mmodzi mwa iwo, Sequoyah, anapanga zilembo za chiyankhulo chawo cha m'ma 1821, ndipo m'chaka cha 1828 anali atayamba kale kusindikiza nyuzipepala yawo yotchedwa Cherokee Phoenix. Anali ndi minda, masukulu ndi malamulo olembedwa. Azungu a ku Georgia ankalisirira dzikolo kuyambira kale, koma golide ndiye anasonkhezera moto. M'chaka cha 1830 Pulezidenti Andrew Jackson anasaina lamulo losamutsa mitundu ya eni nthaka kupita nayo kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi. Boma la Georgia linaletsa Acherokee kukumba golide m'dziko lawo lomwe, ndipo m'chaka cha 1832 linayamba kugawa dzikolo kwa azungu mwa maere. Malo oganiziridwa kuti muli golide anawadula m'zigawo za maekala 40.

Acherokee sanatenge mikondo, anapita ku bwalo la milandu. Mmishonale wina amene ankakhala pakati pawo, Samuel Worcester, anamangidwa chifukwa chokana kumvera lamulo la Georgia, ndipo mlandu wake unafika ku bwalo lalikulu la dziko lonse. M'chaka cha 1832 bwalolo linagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu m'dziko la Cherokee. Chigamulo chinali chomveka bwino, koma panalibe wochitsata. Mu Disembala 1835 kagulu kochepa ka Acherokee kanasaina pangano ku New Echota logulitsa dziko lonse, ngakhale mfumu yawo yaikulu John Ross ndi anthu ambiri anakanitsitsa. Mu Meyi 1838 asilikali anayamba kutulutsa mabanja m'nyumba zawo. Anthu pafupifupi 16,000 anasamutsidwira kumene lero kuli Oklahoma, ndipo akatswiri a mbiri amayerekeza kuti pafupifupi 4,000 anafera m'misasa ndi m'njira chifukwa cha matenda, njala ndi chisanu. Ulendo umenewu umakumbukidwa ndi dzina loti Njira ya Misozi.

Ndalama zoyamba za ku Dahlonega zinatuluka mu Epulo 1838, patangotsala mwezi umodzi kuti asilikaliwo ayambe ntchito yawo. Ine ndimaona kuti munthu wogwira ndalama ya 1838 yokhala ndi D ayenera kuzidziwa zimenezi. M'migodi yambiri munkagwiranso ntchito akapolo achikuda obwerekedwa kwa ambuye awo, ndipo golide amene ankakumba sankalowa m'thumba mwawo.

Nthambiyi inagwira ntchito zaka 24 zokha, kuyambira 1838 mpaka 1861, ndipo ndalama zonse zimene inasula zinangopitirira pang'ono madola 6 miliyoni. Inkasula mitundu inayi. Yochuluka kwambiri inali ya madola asanu, imene eni ake amaitcha half eagle, ndipo inkatuluka chaka chilichonse. M'chaka choyamba anasula 20,583. Panali ya madola awiri ndi theka, yoyambira 1839 mpaka 1859, kupatula 1858. Panali ya dola imodzi, yoyambira 1849, kandalama kakang'ono ngati batani la malaya, ka mamilimita 13 m'mimba mwake poyamba, kolemera magalamu 1.67 basi. Ndiye panali ya madola atatu imene ku Dahlonega inasulidwa kamodzi kokha, m'chaka cha 1854, ndipo zinalipo 1,120. Yosowa kuposa pamenepo pa chiwerengero ndi ya madola awiri ndi theka ya 1856, imene zinasulidwa 874 zokha.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zimenezi si zokongola kwenikweni. Zidindo zosulira zinkapangidwa ku Philadelphia n'kuyenda ulendo wautali uja, ndipo zikafika ankazigwiritsa ntchito mpaka kung'aluka kapena kuchita dzimbiri. Makina nawo sankakanikiza mokwanira nthawi zonse. Chifukwa cha ichi, ndalama zambiri zinkatuluka tsitsi la mayi uja lisakuoneka bwino, nthenga za pakhosi pa chiwombankhanga zitafufutika ngati zayenda kale m'manja mwa anthu zaka khumi. Zina zimaoneka mobiriwira pang'ono chifukwa golide wake anasakanikirana ndi siliva wochulukirapo. Ku Philadelphia zimenezi zikanakhala zilema, koma kwa osonkhanitsa zili ngati mphini zimene amazindikirira mbale wawo.

Kutha kwa nthambiyi kunayamba ndi golide wa ku California, amene anapezeka m'chaka cha 1848. Okumba ambiri anasiya mitsinje ya Georgia n'kuthamangira kumeneko. Kwa zaka zingapo ena ankabwera ndi golide wa ku California kudzasulitsa kwawo, koma nthambi ya San Francisco itatsegulidwa m'chaka cha 1854 zimenezi zinachepa, ndipo chiwerengero chinayamba kutsika. Kenaka inafika nkhondo ya pachiweniweni. Georgia inachoka m'chitaganya cha America mu Januwale 1861, ndipo pofika Epulo nyumba yosulirayo inali m'manja mwa boma la zigawo za kummwera zimene zinagalukira pofuna kusunga ukapolo. Ndalama zonse za dola imodzi za 1861 zokhala ndi D zinasulidwa boma la America litalandidwa kale nyumbayo, koma ndi zidindo zakale. Ndiye taganizani, ndalama yolembedwa dzina la United States of America yosulidwa ndi anthu amene anali pa nkhondo ndi United States yomweyo! Zimayerekezedwa kuti zinalipo pafupifupi 1,000, ndipo pafupifupi pa zonse chilembo cha U m'mawu oti UNITED sichioneka bwino. Pakati pa chaka chomwecho nyumbayo inatsekedwa, ndipo sinasulenso ndalama mpaka lero.

Mwa ndalama zonse zija, zimene zatsala ndi zochepa kwambiri. Panthawiyo panalibe amene ankaganiza zosunga ndalama chifukwa cha kachilembo. Ankagulira ng'ombe, kulipira ngongole ndi msonkho, mpaka zinaperepeseka. Zambiri zinasungunulidwa. Ngakhale osonkhanitsa a masiku amenewo ankangoyang'ana chaka basi, mpaka m'chaka cha 1893 pamene Augustus Heaton anatulutsa kabuku kolimbikitsa anthu kusonkhanitsa ndalama potsata zilembo za nthambi. Apa n'kuti patapita zaka 32 chitsekereni Dahlonega. M'chaka cha 1933 Pulezidenti Franklin Roosevelt analamula anthu kuti apereke ndalama zawo za golide ku boma. Lamulolo linapatula ndalama zosowa za osonkhanitsa, komabe mamiliyoni a ndalama za golide anasanduka mipiringidzo m'zaka zotsatira.

Wofuna kukhala ndi ndalama imodzi ya mtundu uliwonse pa chaka chilichonse ayenera kupeza 58: za madola asanu 24, za madola awiri ndi theka 20, za dola imodzi 13, ndi imodzi ija ya madola atatu. Ndi ochepa amene amafika pamenepo, chifukwa zosowa kwambirizo zimagulidwa pa okushoni ndi madola zikwi makumimakumi. Ambiri amakhutira ndi imodzi ya mtundu uliwonse, ena amangosankha chaka chimodzi. Mtengo umadaliranso mmene ndalamayo yasungikira. Amagwiritsa ntchito muyeso woyambira pa 1 kufika pa 70, umene anayambitsa William Sheldon m'chaka cha 1949. Nambala 1 ndi ndalama yofufutikiratu, ndipo kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi imene sinayendepo m'manja mwa anthu. Ku Dahlonega zofika pa 60 ndi zowerengeka. Ndipo apa mpamene pamavuta, chifukwa woyeza ayenera kusiyanitsa ndalama yofufutika ndi zala za anthu ndi ina imene inabadwa yofufutika kuchokera m'makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene pali mtengo pamabweranso akathyali. Popeza kusiyana konse kuli pa kachilembo kamodzi, ena amatenga ndalama yeniyeni ya ku Philadelphia, n'kumatapo ka D kochotsedwa pa ndalama ina. Golide ndi weniweni, kulemera n'kolondola, chaka n'choona, chabodza ndi kachilembo kokha. Katswiri amaika ndalamayo pansi pa galasi lokuzira zinthu kuti aone ngati m'mbali mwa chilembocho muli msoko. Amayang'ananso malo ake, chifukwa m'zaka za 1838 ndi 1839 chilembocho chinkakhala kumaso, pamwamba pa chaka, ndipo chinasamukira kumbuyo kuyambira 1840. Chifukwa cha chinyengo chotere anthu anayambitsa makampani oyeza ndalama, monga PCGS m'chaka cha 1986 ndi NGC m'chaka cha 1987. Iwo akatsimikiza kuti ndalama ndi yeniyeni amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolembedwa nambala yake.

Mdani wina wa ndalamazi ndi munthu wa mtima wabwino amene waipeza m'bokosi la agogo ake n'kuganiza zoikwecha kuti iwale. Kukwecha kumasiya timizere tosafufutika, ndipo mtengo umagwa kwambiri. Osonkhanitsa amakonda ndalama yokhala ndi khungu lake lakale, ngakhale lili lodera, kuposa yonyezimira ndi mankhwala. Zina zinaonongeka chifukwa anthu ankazibowola kapena kuziwotcherera pa mikanda ndi ndolo. Cholakwa china n'chosavuta kupewa. Kuyambira 1906 chilembo cha D chakhala chikugwiritsidwa ntchito ndi nthambi ya Denver ku Colorado, imene ikadalipo. Choncho yang'anani chaka. Ndalama ya golide ya D ya pakati pa 1838 ndi 1861 ndi ya Dahlonega, ya 1906 kupita m'tsogolo ndi ya Denver.

Nkhondo itatha, nyumba yosulirayo inaperekedwa kuti ikhale sukulu, ndipo koleji ya zaulimi inatsegulidwamo m'chaka cha 1873. Mu Disembala 1878 inapsa ndi moto. Pa maziko ake anamangapo nyumba ina, Price Memorial Hall, imene lero ndi ya University of North Georgia, ndipo nsanja yake inakutidwa ndi golide wa m'deralo. Pakati pa tawuni pali nyumba yakale ya khoti ya m'chaka cha 1836 imene anaisandutsa malo oonetserako mbiri ya golide. Dzina loti Dahlonega lenilenilo linachokera ku mawu a Chicherokee otanthauza chikasu.