Nkhani za Zilombo ndi Mizukwa: Luso Loutsa Mantha

Ophunzira ambiri akafunsidwa za luso la mlembi pa nkhani yoopsa amangoyankha kuti, "nkhaniyi ndi yochititsa mantha." Yankho lotere silipatsa malikisi okwanira. Woyesa amafuna mutchule chipangizo chimene chabweretsa manthawo, mupereke chitsanzo, kenako mufotokoze ntchito yake m'nkhanimo.

Kodi nkhani zoopsa ndi zotani?

Izi ndi nthano, nkhani zazifupi kapena zazitali zomwe atengambali ake ena ndi mizukwa, afiti, ndondocha kapena zilombo zodya anthu. Chitsanzo chodziwika ndi nthano ya mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi mwake, yemwe pamapeto pake anakwatiwa ndi mlendo wooneka bwino, osadziwa kuti ndi fisi wosanduka munthu. Anamupulumutsa ndi mlongo wake wamng'ono amene iye ankamunyoza.

Zipangizo zoutsa mantha

1. Malo ndi nthawi. Nkhani zotere zimachitikira kumanda, m'nkhalango yowirira, padziwe kapena paphiri, makamaka usiku. Awa ndi malo omwe omvera amawaopa kale, choncho mlembi savutika. Kungotchula Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, dzina lenilenilo likuchenjeza kale kuti kumeneko sikopita.

2. Kubisa chilombo. Wokamba waluso sachionetsa msanga. Amayamba ndi mapazi ake pamchenga, fungo lake kapena mafupa osiyidwa kuseri kwa nyumba. Chimene munthu sakuchiona amachijambula yekha m'maganizo, ndipo chimaopsa kuposa chooneka.

3. Omvera kudziwa zimene mtengambali sakudziwa. Mu nthano ija ife tadziwa kale kuti mkamwiniyo ndi fisi, koma mtsikana akumuphikira nsima mokondwa. Mtima umakhala m'mwamba, timafuna titamukuwira kuti, "Thawa iwe!"

4. Kalosera. Kadzidzi akalira padenga, kapena agogo akachenjeza kuti musatunge madzi dzuwa litalowa, womvera amadziwiratu kuti kutsogoloku kuli zinthu.

5. Mvekero ndi nyimbo. Mawu monga zii, tswatswa ndi gu gu gu amatimvetsa bata komanso kuyenda kwa chilombo. M'nthano zambiri chilombo chimaimba nyimbo imodzimodzi kangapo, ndipo ulendo uliwonse chimakhala chayandikira. Kubwerezaku kumakweza mantha mpaka pampondachimera.

6. Mtengambali womumvera chisoni. Chilombo chikamalondola mwana wamasiye timada nkhawa, koma chikagwira munthu wankhanza timati zamukwanira. Popanda munthu womudera nkhawa, nkhani siopsa.

Chilombo ngati chizindikiro

Kawirikawiri chilombo chimaimira chinthu chenicheni chimene anthu akuopa. Fisi wosanduka uja akuimira kuopsa kokwatiwa ndi munthu wosadziwika mtundu wake chifukwa chongotengeka ndi maonekedwe. Napolo, chinjoka chimene anthu amati chimakhala pansi pa phiri, ndi njira yofotokozera madzi osefukira ndi kugumuka kwa nthaka monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Steve Chimombo anagwiritsa ntchito chizindikiro chimenechi m'buku lake la ndakatulo zachingerezi, Napolo Poems, la mu 1987.

Ndi mmenenso zilili kunja. M'buku la Frankenstein, lomwe Mary Shelley anatulutsa mu 1818, wasayansi akupanga cholengedwa kenako n'kuchithawa chifukwa chonyansa. Chokanidwacho chikuyamba kupha anthu, ndipo wowerenga amatsala ndi funso: woipa weniweni ndani, chopangidwa kapena wochipanga? Bram Stoker, m'buku la Dracula la mu 1897, anafotokoza nkhani ya woyamwa magazi kudzera m'makalata ndi zolemba za tsiku ndi tsiku za atengambali kuti imveke ngati inachitikadi.

Nanga timazikonderanji?

Choyamba, timaopa tili pabwino. Mtima ukugunda koma tili pamoto ndi abale athu, ndipo kuyankha kuti "tili tonse" kumatikumbutsa kuti sitili tokha. Chachiwiri, chilombo chikagonja timamva mpumulo wokoma, makamaka chikagonjetsedwa ndi nzeru za wamng'ono ndi wonyozeka. Chachitatu, phunziro lolowa ndi mantha silichoka msanga. Mwana amene wamva za chilombo cha padziwe sasewera dala pamalo a ng'ona.

Chenjezo

Nthano ikatuluka pabwalo la nthano n'kusanduka mphekesera imapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pongowaganizira. Mphekeserazo zinali ndi zipangizo zomwe taona pamwambazi: usiku, mlendo ndi mdani wosaoneka. Wophunzira wodziwa mmene nkhani yoopsa imapangidwira amayamba wafunsa umboni asanatole mwala.

Mafunso

1. Tchulani zipangizo zitatu zoutsa mantha ndi kupereka chitsanzo pa chilichonse.
2. Fotokozani zimene fisi wosanduka munthu akuimira.
3. Sankhani nthano ya chilombo ya kwanu ndipo m'ndime ziwiri muonetse mmene malo ndi nthawi zathandizira kuti ikhale yoopsa.