Asilikali onyamula machira ku nkhondo ya ku Burma

Msilikali wa zachipatala amathamangira kumene mnzake wagwa, pamene ena onse abisala. Ntchito yake ndi kuletsa magazi, kumanga bala, kubaya jakisoni wochepetsa ululu ndi kuchotsa wovulalayo pamalo oomberana. Pangano la Geneva, lomwe linayamba mu 1864, limaletsa kuwombera munthu wovala chizindikiro cha mtanda wofiira, koma si onse omenya nkhondo amene analilemekeza. Mu Febuluwale 1944, asilikali a Japan analowa m'chipatala cha m'nkhalango ku Arakan, m'dziko la Burma, n'kupha madokotala ndi odwala omwe.

Amuna a dziko lino la Zambia, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, anaigwira ntchitoyi pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Gulu la Northern Rhodesia Regiment linamenyana ndi Ataliyana ku Tug Argan, ku Somaliland, mu Ogasiti 1940, ndipo pambuyo pake ena anawoloka nyanja kukakumana ndi Ajapani. Dokotala wa gulu ankakhala mzungu, koma onyamula machira ndi ambiri omanga mabala anali anthu akuda.

Mavuto aakulu anawapeza mu 1944 m'chigwa cha Kabaw, chomwe gulu lawo la 11th East African Division linalowamo mvula ili pachimake. Misewu inasanduka matope, magalimoto n'kutitimira, moti chakudya ndi mankhwala zinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Wovulala mmodzi ankafuna amuna anayi omunyamula, ndipo iwo ankayenda naye maola ambiri, kuwoloka mitsinje yodzaza, misundu itawakakamira m'miyendo. Machira satayidwa pansi mfuti ikalira, chifukwa wogonapoyo sangathawe yekha. Apa m'pamene pankagona kudzipereka kwawo.

Komatu chimene chinkagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo chinali matenda: malungo, kamwazi ndi taifasi yofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu. Tsiku lililonse msilikali ankayenera kumeza mbulu wa mepacrine, mankhwala oteteza ku malungo omwe ankachititsa khungu kuoneka lachikasu. Wa zachipatala ankasamala odwalawa iyenso akumwa madzi omwewo ndi kulumidwa ndi udzudzu womwewo. Gululo linafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kuchiyambi kwa Disembala 1944.

Mayina a malowa anabwera nawo kuno. Munthu wa ku Chawama kapena Mtendere akamva za msewu wa Burma ndi kampu ya Arakan mu Lusaka, kapena Kalewa ndi Tug Argan ku Ndola ndi Chindwin ku Kabwe, akumva mayina a kumene makolowa anavutikira. Chomvetsa chisoni n'chakuti malo akukumbukiridwa, koma onyamula machira satchulidwa.

Ntchitoyo sinathe. Asilikali a zachipatala a Zambia amagwira ntchito pa chipatala cha Maina Soko ndiponso amatsagana ndi anzawo okasungitsa mtendere kunja, monga ku Central African Republic. Kolera itavuta ku Kanyama ndi makomboni ena kuchiyambi kwa 2018, boma linatumiza asilikali kukathandiza, ndipo bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala cha odwala matendawa.