Malire a Ntchito Zosadikira m'Kati mwa Lamya

M'zigayo za kumidzi, monga za ku Nathenje, wobwera ndi chimanga cha pamaliro kaŵirikaŵiri amagayitsa poyamba, ndipo palibe amadandaula. Koma munthu mmodzi atati atsekereze chigayo kuyambira m'maŵa kufikira dzuŵa kuloŵa, maanja ena onse angagone ndi njala. Vuto lotereli lilinso m'kati mwa lamya za Android zimene achinyamata amanyamula pa msika wa Mitundu.

Phata la lamyazi ndi pulogalamu yotchedwa Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba m'chaka cha 1991. Pulogalamu yotere akatswiri amaitcha kernel. Iyo ili ngati kapitao: imagaŵa nthaŵi ya purosesa, kachipangizo kamene kamaŵerengera zonse, pakati pa ntchito zambirimbiri zolimbirana malo.

Ntchito zina sizidikira. Yotulutsa mawu ikachedwa ngakhale pang'ono, nyimbo imadukaduka. Tsono kapitaoyu amaika ntchito zotere patsogolo. Ngozi yake ndi iyi: ntchito yosadikira ikakhala ndi cholakwa niyamba kuzungulira osaleka, ntchito wamba zimasoŵa mpata, ndipo ngakhale katswiri angalephere kupereka lamulo loiimitsa.

Pofuna kupeŵa zimenezi, m'chaka cha 2008 okonza Linux anaika malire. Sekondi iliyonse itagaŵidwa magawo 1,000, ntchito zosadikira zinaloledwa kutenga magawo 950 okha. Magawo 50 otsalawo anasungidwira ntchito wamba. Kachigawo kochepako ndiko kamapatsa munthu mpata wopulumutsa makina osaŵazimitsa.

Njirayi inali ndi chilema chake. Malire akakwana, ntchito yosadikira inkaimitsidwa ngakhale panalibe ntchito ina yoyembekeza, purosesa nikhala chabe. M'chaka cha 2024, Linux 6.12 inasintha kachitidweka: magawo 50 aja amaperekedwabe kwa ntchito wamba pamene zikumanidwa, koma zikakhala kuti palibe, yosadikirayo imapitirira.

Mphunzitsi amene ali ndi kompyuta ya Linux angathe kuonetsa ophunzira nambala 950000 m'fayilo ya /proc/sys/kernel/sched_rt_runtime_us. Nambalayo ndi magawo 950 omwe aja, oŵerengedwa sekondi itagaŵidwa magawo 1,000,000. Wophunzira amene adzalembe mapulogalamu a makina a m'chipatala kapena a m'fakitale ayenera kudziŵa msanga kuti ntchito imene yapatsidwa malo oyamba iyeneranso kuikidwira malire.