Nyenyezi yokana kuphulika mu kompyuta

Magetsi akazima kwathu ku Area 23, ndimatulutsa mpando n'kuyang'ana kum'mwera. Kukakhala kopanda mitambo mu Disembala, kumaoneka kachigamba kotuwa ngati utsi wa mbaula. Ndi gulu la nyenyezi lotchedwa Large Magellanic Cloud, momwe munaphulika nyenyezi ina. Pa 23 Febuluwale 1987, makina a Kamiokande ku Japan, IMB ku America ndi Baksan ku Soviet Union anakola tizinthu ta neutrino tosapitirira 25 tochokera mmenemo, m'masekondi 13.

Musapeputse tizinthu tochepati. Nyenyezi yaikulu ikamafa, mphamvu 99 mwa 100 zimathawa ndi tizinthuti. Kuwala kumene timaona ndi zotsalira chabe.

Poti nyenyezi siiloweka m'nyumba yoyesera, akatswiri amaiumba mu kompyuta. Stirling Colgate ndi Richard White anayamba mu 1966. Koma anzawo atawongola masamuwo, nyenyezi zawo zinakana kuphulika: funde lochokera pakati, loyenera kuphulitsa nyenyeziyo, linkaima panjira ngati minibasi yothera mafuta. Mu 1985 Hans Bethe ndi James Wilson anaonetsa kuti ma neutrino angathe kulitenthetsa n'kulikankhanso.

Vuto lowerengera ma neutrinowa ndimalimvetsa ndikakhala pamsika wa Nsungwi ku Area 25, Loweruka masana. Pakatikati suyenda momwe ukufunira. Umagundana ndi wa tomato, wa matemba, khamu n'kumakutenga. Ukafika pamsewu, ulendo ndi wako, wowongoka. Ma neutrino amateronso: pakati pa nyenyezi amapanikizika, kunja amayenda momasuka. Zonse ziwirizi masamu ake ngosavuta. Chovuta ndi cha pakhomo, pomwe wina wamasuka, wina akali kupanikizika. Mu nyenyezi, kutentha kodzutsa funde lija kumachitikira pamenepo.

Kuonjezera apo, chigawo chapakati cha nyenyezi chimalemera kuposa dzuwa, chonsecho chikafota chimangotsala makilomita 20 m'mimba mwake. Malamulo a Einstein a 1915 amati kulemera kotere kumapinda njira ya neutrino, kumaichotseranso mphamvu potuluka.

Kutsata zonse bwinobwino kumafuna kudziwa malo, kolowera ndi mphamvu ya tizinthuti pa kamphindi kalikonse, ndipo makompyuta amalefuka. Akatswiri ena amangowerengera kuchuluka kwa khamu la tizinthuti ndi komwe likulowera, njira yotchedwa M1. Ena amasankha ochepa mwamaere n'kuwalondola mmodzimmodzi, Monte Carlo. Ine ndimakhulupirira yachiwiriyi, ngakhale ndi yodula. Ngakhale pa njira yotchipayo, sekondi imodzi ya imfa ya nyenyezi imatha kudya miyezi ya makompyuta akuluakulu.